Mayi wa pa K200

Mukamapereka K200 pa msika wa ku Euthini, tayang'anani nkhope ili pa ndalamayo. Ndi mayi Rose Chibambo, obadwira ku Kafukule, m'boma lomwelino la Mzimba, mu 1928.

Iwowa adasonkhanitsa amayi kukana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mu 1959 atsamunda adawatsekera ku Zomba, khanda lili m'manja, atangochira kumene. Mu 1964 adakhala phungu wa Mzimba South, mayi woyamba kusankhidwa kupita ku Nyumba ya Malamulo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti chaka chomwecho Kamuzu adawachotsa pa udindo m'boma, nduna zitamugalukira. Adathawira ku Zambia, kudzabwerako mu 1994. Aphunzitsi, auzeni ana athu mbiri ya mayiyu.