Nkhawa za mayi woyembekezera zimamufika mwana m'mimba

Mukachita mantha, mtima umathamanga ndipo manja amazizira. Thupi limakhala latulutsa mahomoni a adrenaline ndi noradrenaline, omwe amafinya mitsempha ing'onoing'ono kuti magazi ambiri apite kuminofu. Ngati muli ndi pakati, mitsempha yopita kuchiberekero nayo imatha kufinyika.

Magazi anu ndi a mwana sasakanikirana. Amangoyandikana mu nsengwa, momwe mpweya wa okosijeni ndi chakudya zimawolokera kwa mwana n'kumufika kudzera mumchombo. Masiku ochira akayandikira, magazi okwana pafupifupi theka la lita kapena kuposa amapita kuchiberekero mphindi iliyonse. Njirayi ikachepa, gawo la mwana limachepanso.

Mu 1999, akatswiri a pachipatala cha Queen Charlotte's ku London anafalitsa zomwe anapeza atayeza amayi 100 a pakati pa miyezi pafupifupi 7. Anagwiritsa ntchito sikani ya Doppler, yomwe imaonetsa mmene magazi akuyendera. Mwa amayi omwe anali ndi nkhawa kwambiri ndi momwe munapezeka ochuluka omwe magazi awo amavutika kulowa m'chiberekero. Ku Sweden, mu 1997, anali atapeza kale kuti ana a amayi otere amakankhira magazi ambiri kuubongo, zomwe mwana amachita mpweya ukayamba kuperewera.

Komabe musadziimbe mlandu. Ofufuza ena pambuyo pake sanapeze kusiyana kwenikweni, ndipo nsengwa imaphwanya gawo lalikulu la cortisol, homoni ina ya nkhawa, isanafike kwa mwana. Kukangana ndi abambo akunyumba tsiku limodzi sikungamuwononge.

Yomwe imandidetsa nkhawa ine ndi ija yokhalitsa masabata: tulo osabwera, nsima osalowa, maganizo ali pa ndalama ya galimoto yopitira kuchipatala usiku, kapena pa pakati pena pomwe panapita padera. Kusikelo timakuyezani BP, kulemera ndi kukula kwa mimba, koma mzere ukatalika, za mumtima sitifunsa kawirikawiri. Yambani ndinu kumuuza namwino. Ndipo inu apongozi ndi anansi, nkhani za amene anafera pochira zisungeni kaye.

Mwana akachepetsa kusewera m'mimba, kapena mutu ukamapweteka kwambiri maso akuchita chidima, musati ndi maganizo chabe. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.