Thabwa losauma bwino limadya phindu

Chitseko chimene chinkatsekeka bwinobwino mu Okutobala chimayamba kukakamira pafelemu mvula ikagwa, ndipo tebulo lokhomedwa m'dzinja limachita mipata chilimwe chikafika. Kasitomala amaloza chala kalipentala kapena wogulitsa, koma nkhani imayambira mkati mwa thabwa.

Thabwa ndi mtolo wa timaselo tokhala ngati timapaipi, togona motsatira kutalika kwa mtengo. Mtengo ukangodulidwa, madzi amakhala m'mphako za timapaipito komanso m'makoma ake. Oyamba kuuma ndi a m'mphako, ndipo apa thabwa limangopepuka, kukula kwake sikusintha. Chinyezi chikatsika kufika pafupifupi 30 peresenti, madzi a m'makoma amayamba kuchoka, makomawo n'kuwonda, thabwa lonse n'kuchepa. Kunja kukachita chinyontho, makoma aja amamwanso madzi n'kufufuma. N'chifukwa chake kupepuka kokha si umboni woti thabwa lauma.

Chovuta n'chakuti silichepa mofanana. Mulitali silisintha kwenikweni, nkhani ili mulifupi. Motsatira mizere yozungulira imene imaoneka kunsonga, thabwa limachepa pafupifupi kawiri kuposa mopingasa mizereyo. Choncho thabwa lochekedwa chakumbali kwa chipika, lomwe mizere yake yagona, limapindika ngati mbale, mbali yoyang'ana kukhungwa n'kulowa mkati. Lomwe mizere yake yaimirira silipindika chisawawa, ndipo ndilo loyenera zitseko ndi matebulo, ngakhale litadulirapo.

Mitengo nayo imasiyana. Mlombwa umadziwika kuti suchepa kwambiri. Bulugama ndiye wovuta: akaumitsidwa mofulumira padzuwa, maselo ake amaphwafuka ngati paipi yopondedwa, thabwa n'kuchita makwinya ndi ming'alu. Paini, monga wa ku Chikangawa, amauma msanga, koma thabwa lochokera pafupi ndi mtima wa mtengo limakonda kupotoka.

Wogulitsa ayenera kusanja matabwa pamthunzi, pamwamba pa njerwa, n'kuika timitengo pakati pa mzere uliwonse kuti mphepo izidutsa, ndi cholemera pamwamba. Nsonga zimauma msanga kuposa pakati n'kung'aluka, choncho kuzipaka penti kumapulumutsa gawo limene likanadulidwa n'kutayidwa. Vanishi amangochedwetsa chinyezi, sachitsekereza. Akapakidwa pamwamba pokha, pansi pa tebulo pamamwa chinyezi msanga kuposa pamwamba, tebulo n'kupindika, choncho bulashi iyenera kufikanso kunsi.