NGOZI IMENE IBISALA M'SILING'I

Kuyambira m'caka ca 1996, pamene Boma linalola kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa anthu okhalamo, mabanja ambiri m'malo monga Chilenje, Libala, Kabwata ndi Matero mu Lusaka anasanduka eni nyumba. Mwini nyumba amafuna kukongoletsa pakhomo pace. Motero masiku ano tiona siling'i yakale, yodetsedwa ndi utsi ndiponso madzi odontha, iri kugwetsedwa kuti paikidwe yatsopano ya pulasitiki yokhala ndi timababu towala bwino.

Ici ndi citukuko coyamikika. Koma pakati pa siling'i ndi malata pali nthambo za magetsi zimene zakhala mumdima zaka makumi ambiri. Zina zinadyedwa ndi makoswe, zina khungu lace linauma ndi kutentha kwa malata, ndipo zina zinalumikizidwa mobisa ndi anthu osaidziwa nchito.

BABU KUZIMA SINDIKO KUTI NTHAMBO YAFA

Anthu ambiri aganiza kuti akazimitsa swichi ya pa cipupa ndiye kuti ngozi yatha. Sitero ai. M'nyumba zambiri nthambo yamoto imacoka ku bokosi lalikulu la magetsi ndi kufika coyamba m'siling'i, pamene pali babu. Kucokera pamenepo nthambo ina imatsikira ku swichi ndi kubwereranso ku babu. Swichi imadula njira yobwerera yokhayo. Nthambo yocokera ku bokosi imakhalabe ndi mphamvu ya mavoti 230, imene ingathe kuimitsa mtima wa munthu wamkulu.

Msampha waciwiri ndi kupita kwa malaiti. M'caka ca 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, tinazolowera kukhala maola ambiri popanda magetsi, ndipo ena anayamba kunena kuti, "Tiyeni tigwire nchito pakuti malaiti kulibe." Koma malaiti sagogoda pobwera. Angathe kufika munthu atagwira nthambo m'manja. Ndiponso nyumba zambiri tsopano ziri ndi sola, inveta kapena jenereta, zimene zingathe kusiya nthambo za mababu ziri ndi moto ngakhale magetsi a ZESCO atazimitsidwa.

ZOFUNIKA NCHITO ISANAYAMBE

Kalipentala asanazule msomali woyamba, zimitsani swichi yaikulu pa bokosi, ndipo zimitsaninso inveta kapena jenereta ngati ziripo. Tsekani bokosilo, lembanipo cenjezo, ndi kuuza onse a m'nyumba, maka-maka ana, kuti wina asayatse.

Pambuyo pace nthambo iriyonse iyesedwe ndi tesita. Tesitayo iyambe yayesedwa pamalo podziwika kuti pali moto, cifukwa tesita yakufa imanena kuti nthambo zonse ndi zakufa.

Musakhulupirire mtundu wa nthambo. Pa kalumikizidwe kakale yofiira ndiyo yamoto, yakuda ndiyo yobweza, ndipo yobiriwira ndiyo yopita pansi. Pa katsopano yamoto ndi yabulauni, yobweza ndi yabuluu, ndipo yopita pansi ndi yobiriwira ndi cikasu. Nyumba imene yakonzedwa kawiri-kawiri ingathe kukhala ndi mitundu yonseyi pamodzi. Coopsya kopambana ndi cakuti nthambo yobwerera kucokera ku swichi nthawi zambiri imakhala yakuda, koma imanyamula moto. Pa cifukwa ici, wamagetsi wanzeru amaika cizindikiro pa nthambo iriyonse, kapena kuijambula ndi foni, asanaimasule.

POLUMIKIZIRA PASAKWIRIRIDWE

Moto wa magetsi umakonda kuyambira polumikizira nthambo. Pamene nthambo ziwiri zangopotedwa ndi kukulungidwa ndi tepi, m'kupita kwa nthawi zimakhwepa. Malo okhwepa amatentha, tepi imasungunuka, ndipo pafupi pali fumbi, zisa za makoswe ndi mitanda youma ya denga. Moto wotere umayaka pamwamba pa anthu ali m'tulo.

Motero polumikizira ponse pamangidwe ndi makonekita ndi kutsekeredwa m'kabokosi kokhala ndi cibvundikiro. Kabokosiko kakhomeredwe pa mtanda, pamalo pamene munthu angafikepo tsiku lina. Musalole kuti siling'i yatsopano itsekedwe yonse popanda kacitseko kolowera pamwamba. Nthambo imene siigwiranso nchito icotsedwe kucokera kumene iyambira, osati kuidula cabe ndi kuikankhira mumdima. Nthambo zisagone pa siling'i pamene misomali ingazibaye, koma zipite m'mapaipi ace kapena zimangiriridwe pa mitanda.

UDINDO NDI WA MWINI NYUMBA

Tiyenera kukumbukira kuti nthambo za m'kati mwa nyumba, kupitirira pa mita, ziri m'manja mwa mwini nyumba. Kalipentala adziwa matabwa, koma magetsi ali ndi eni ace. Itanani wamagetsi amene anaphunzira nchito, ndipo musacite manyazi kupempha kuona setifiketi yace. Akulu anati safunsa anadya phula. Mfunseninso ngati bokosi lanu liri ndi cida cozimitsa magetsi cokha pamene moto wathawira m'thupi la munthu, pakuti nyumba zambiri zakale ziri ndi mafyuzi cabe, amene acinjiriza nthambo osati munthu.

Ngozi ikacitika, musamgwire munthuyo ndi manja. Zimitsani magetsi, kapena mkankheni ndi mtengo wouma, ndipo mtengereni ku cipatala ngakhale aoneke ngati ali bwino. Pa moto wa magetsi musathirepo madzi magetsi asanazimitsidwe.

Nthawi imene siling'i yakale yagwetsedwa ndiyo nthawi yokha imene nthambo zonse zioneka poyera. Ziyang'aniridwe pa tsiku limenelo, siling'i yatsopano isanazibisenso kwa zaka zina zambiri.