Maukonde apumula pa Kafue, mabeseni auma ku Shimabala

Chiletso cha usodzi chayambanso pa mtsinje wa Kafue pa 1 Disembala, ndipo monga chaka chilichonse chidzatha kumapeto kwa Febuluwale. Palibe wa ku Shimabala amene sadziwa chifukwa chake: nsomba ziswane mvula ikugwa, madzi akusefukira m'madambo. Mkangano uli poti mtolo wa chiletsochi akuusenza ndani.

M'mbali mwa msewu wochokera ku Lusaka, chakufupi ndi geti yolipirira magalimoto, pamakhala mayi wina wachikulire, wamasiye wolera adzukulu. Miyezi ina yonse amalawira mbandakucha kupita kudooko la Chanyanya, kukadikira mabwato. Amasankha milamba yonona, kuitumbula, kuiwamba pautsi mpaka idere, n'kuiyala pathebulo lamatabwa mitu italoza kumsewu kuti oyendetsa mathiraki aione. Manja ake ndi okakala ndi zipsera za minga ya mlamba. Sabata ino pathebulopo pali timilu ta tomato ndi chimanga chowotcha. Beseni lalikulu la nsomba walivundikira pansi, mdzukulu wamng'ono akukhalira ngati mpando.

Mayiyu alibe bwato, alibe ukonde, sanaphepo nsomba ndi imodzi yomwe. Koma akuti chaka china anamulanda thumba la milamba youma panjira, yomwe anaiwamba chiletso chisanayambe. Pepala losonyeza kumene nsombazo zachokera analibe. Mpamba wonse unathera pomwepo, ndipo ngongole ya kugulu la amayi anaibweza pogulitsa makala.

Apa ndi pamene anthu akugawanika. Oteteza chiletso akuti nsomba zachepadi, ndipo sakunama. Alipo asodzi okoka neti za udzudzu zomwe zimakokolola ndi tiana tomwe, ena amamenya madzi kuthamangitsira nsomba m'maukonde. Popanda miyezi itatu yopuma, iwo akuti, adzukulu a mayi yemweyu adzangomva mbiri ya nsomba za Kafue.

Asodzi akuyankha kuti lamulo likuona wabwato yekha. Nsomba zoweta m'maiwe ndi m'makhola a panyanja ku Siavonga zimadutsa pa Shimabala pomwepa m'magalimoto oziziritsa, mapepala ali m'manja, ndipo nyengo ino ndiyo malonda awo amayenda bwino. Komanso kusefukira kwa madambo a Kafue, otambalala masikweya kilomita pafupifupi 6,500, sikudalira mvula yokha. Chimangidwireni madamu a Kafue Gorge ndi Itezhi-Tezhi m'zaka za m'ma 1970, madzi amatsegulidwa ndi kutsekedwa poyang'ana magetsi choyamba. Nsomba zimaswana potsatira madzi, koma pogamula za madziwo msodzi sakhalapo. Abatwa, omwe ankasodza m'madambowa kalekale ena onse asanafike, anali ndi malamulo awo a nthawi ndi malo osodzera. Lero mawu awo samveka kutali.

Chowawa kwambiri m'kamwa mwa asodzi ndi cha pa 18 Febuluwale 2025. Maukonde ali chipachikire, damu la zinyalala za mgodi wa mkuwa ku Chambishi linaphulika, madzi a asidi n'kulowa mu Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinayandama zakufa, mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi, ndege zinachita kuthira laimu mumtsinje. Funso lawo ndi losavuta kumva: neti zingati za udzudzu zingaphe nsomba zimene zinafa sabata imeneyo?

Kunena zoona, tsoka la mgodi silichotsa mlandu wa neti ya udzudzu. Koma chiletso chomwe chimalanda thumba la mayi wamasiye tsiku lomwelo, pamene boma limakambirana ndi wowononga wamkulu mwaulemu kwa miyezi, n'chovuta kuti anthu achikonde. N'chifukwa chake ena amasodzabe usiku, nsomba n'kubisidwa pansi pa matumba a makala.

Kudooko, amuna akusoka maukonde pamthunzi. Dandaulo lawo lina si la boma ayi, koma la nkhanu zachilendo za zikhadabo zofiira zochokera ku Australia, zomwe zadzaza mumtsinje. Zimadya nsomba zokodwa ukonde usanavuulidwe, ndipo achinyamata ena ayamba kuzigulitsa kwa a mahotela a ku Lusaka.