MUNTHU AMENE ANAPALASA NJINGA MASIKU ATATU

Inu alimi a kwa Kaduya, pamene tayala la njinga yanu labooka muli pa ulendo wa ku msika ndi thumba la nandolo, mumangotsika, kutulutsa chubu, kumata, kupopa, ndi kupitiriza ulendo. Kodi mukudziwa kuti kale sizinali chomwecho? Tamverani mbiri ya munthu amene anaonetsa dziko ubwino wa tayala lotere.

Dzina lake anali Charles Terront. Anabadwa m'chaka cha 1857 ku Saint-Ouen, pafupi ndi mzinda wa Paris m'dziko la France. Anayamba mipikisano ali mnyamata, pa njinga zakale za gudumu lalikulu kutsogolo ndi kagudumu kakang'ono kumbuyo. Monga inu mumadya za khasu, iye ankadya za njinga, pakuti opambana ankalandira ndalama.

Njinga zoyambazo zinali ndi matayala a mphira wouma, opanda mpweya, ndipo wokwera ankamva mwala uliwonse m'msana. M'chaka cha 1888 John Dunlop anapanga tayala la mpweya, koma linali lomatirira ku gudumu. Likabooka, kukonza kwake kunkatenga maola ambiri. Tsono mu 1891 Édouard Michelin ndi mbale wake André anapanga tayala lotheka kulichotsa ndi kulibwezera msanga.

Chaka chomwecho, m'mwezi wa September, nyuzipepala ya Le Petit Journal inakonza mpikisano wochoka ku Paris kukafika ku Brest, m'mphepete mwa nyanja, ndi kubwerera. Mtunda wake unali makilomita 1,196, pafupifupi kupita ku Lilongwe kuchokera ku Blantyre ndi kubwerako kawiri. Ananyamuka anthu oposa 200. Lamulo linali lakuti munthu atsirize ndi njinga yomwe wayamba nayo. Ikaonongeka aikonze, osati kusintha.

Terront anakwera njinga ya Humber yokhala ndi matayala a Michelin. Mnzake Jiel-Laval ndiye anayamba kufika ku Brest. Koma pobwerera tulo tinamgwira Jiel-Laval, ndipo ali chigonere, Terront anampitirira usiku. Matayala a Terront anabooka kangapo m'njira, koma nthawi zonse ankakonzedwa ndipo ulendo unkapitirira. Analowa mu Paris patapita maola 71 ndi mphindi zingapo, Jiel-Laval ali m'mbuyo ndi maola pafupifupi 8. Kuyambira pamenepo anthu ambiri anakhulupirira tayala lochotseka. Mu 1893 Terront anapalasanso kuchokera ku Saint Petersburg, ku Russia, mpaka ku Paris, masabata awiri. Anamwalira mu 1932.

Inu simupikisana ndi munthu, koma ulendo wanu umaposa mpikisano. Njinga yanu ndiyo imanyamula chimanga kupita kuchigayo, ndiyonso imathamangitsa mwana wodwala malungo kuchipatala usiku. Terront sanapambane ndi miyendo yokha. Anapambananso chifukwa njinga yake inali yokonzeka msanga.

Chifukwa chake musanyamuke opanda pampu, zigamba ndi guluu. Popani matayala mokwanira, pakuti tayala lofewa limatsina chubu pa miyala. Thirani mafuta tcheni, makamaka nyengo ya dzinja pamene matope achuluka m'dambo la Phalombe. Phunzitsani ana anu, anyamata ndi atsikana omwe, kumata chubu. Tsoka silinunkha, ndipo minga siisankha tsiku.