Mawu amene Cowdray Park imawadziwa

Ku Cowdray Park, mumzinda wa Bulawayo ku Zimbabwe, kuli chigawo cha Hlalani Kuhle chomwe boma linayamba kumanga mu 2005, litangogwetsa nyumba za anthu pa ntchito yotchedwa Murambatsvina. Kwa zaka zambiri m'nyumba za kumeneko munalibe madzi a m'mipope.

Ine chomwe chimandigwira mtima ndi mawu amene Anna Tibaijuka, nthumwi ya United Nations, anasankha m'lipoti lake lonena za Murambatsvina. Anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena pogwira ntchito, koma iye sanangoti anthu avutika ayi. Anati ntchitoyo inali “unjustified”, kutanthauza kuti panalibe chifukwa chomveka. Wozenga mlandu amafuna mawu oterewa, chifukwa kupweteka kokha sikumangitsa munthu. Dokotala naye amapweteka pobaya jakisoni.

Pa nthawi ya Murambatsvina, zidzukulu za Amalawi zinauzidwa kuti zibwerere kumudzi, mudzi womwe sizinauonepo. Malamulo oyendetsera dzikolo a 2013, gawo 74, tsopano amaletsa kugwetsa nyumba ya munthu popanda chilolezo cha khoti.