Mphamvu ya ciuli ili m'cigaza ndi m'nsagwada

Alimi a njuci ku Mwinilunga ndi ku Kabompo akhala akupacika ming'oma yawo m'mwamba m'mitengo kuyambira kale, ndipo mmodzi mwa adani amene amawaopa ndi ciuli. Kanyamaka nkakafupi, ndipo camphongo cimalemera makilogalamu 9 mpaka 16 okha, koma cimatha kung'amba mng'oma usiku umodzi.

Akatswiri a zinyama akuti cinsinsi cili m'mutu. Cigaza ca ciuli ncacifupi, cotambalala ndiponso cocindikala. Cikakula, mafupa a m'mutu amalumikizana kotero kuti mizere yake sioneka, ngati fupa limodzi. Nsagwada zazifupi zimaluma mwamphamvu cifukwa mano amakhala pafupi ndi pamene nsagwadazo zimapindikira, monga momwe pulayala imagwirira zolimba kufupi ndi pakhosi pake. Mano ake ndi 32 okha, pamene galu ali ndi 42, koma ngokhuthala, ndipo amaswa cigoba ca fulu. Ciuli cokalamba cimapezeka ndi mano operepeseka ndithu.

Thupi lonse linapangidwira kukumba. Zikhadabo zakutsogolo nzazitali, makutu ngaang'ono kwambiri ndipo amatsekeka kuti dothi lisalowe. Khungu la pakhosi limacindikala pafupifupi mamilimita 6, komanso nlotakasuka, motero cikagwidwa kumbuyo cimatembenuka n'kuluma amene wacigwira.

Ambiri amaganiza kuti cimadya uci wokha. Ayi ndithu. Colleen ndi Keith Begg, amene anatsatira ziuli ku Kgalagadi kuyambira 1996 mpaka 1999, anapeza kuti cakudya cambiri cimacokera pansi: mbewa, abuluzi, zinkhanira ndi njoka zaululu. Mu mng'oma cimakonda kwambiri ana a njuci. Kafukufuku wa mu 2015 anaonetsa kuti thupi lake lili ndi kusintha kumene kumacepetsa mphamvu ya ululu wa njoka zina. Nanga zoti mbalame ya nsadzu imacitsogolera ku uci? Nkhaniyi imakambidwa kwambiri, koma akatswiri amatsutsanabe.

Ku South Africa, alimi amene anali kuchera ziuli ndi misampha anayamba kuika ming'oma pa nsanamira zopitirira mita imodzi, n'kuimanga zolimba ndi waya. Ciuli cimakwera mtengo, koma pa nsanamira yoterera ya citsulo zikhadabo zake zimasowa pogwira.